Kapu Yobooka Pamanda a Mwana wa Eni

Tadala, taika foniyo pansi. Ndamva zimene unanena tikudya, ngakhale unazinena m'Chingerezi chothamanga poganiza kuti makutu anga nawonso anapuma pantchito. Wati boma likuwononga ndalama pokonza manda akale aja a kuseri kwa msewu wathu, manda a anthu amene alibe ndi mbale mmodzi yemwe wowakumbukira. Wati bola akanawonjezera mabasi. Ndalamazo wandionetsa pafonipo, maziro ake ndondondo ngati mazira a nkhanga, ndipo sindikukutsutsa, n'zambiridi. Ku yunivesite ya ku Loughborough sakukuphunzitsa zabodza. Koma sendera kuno, iwe ndi Yamikani. Nawenso Takondwa, choka pawindopo, mphaka ameneyo ndi wa eni. Ndikufuna mudziwe chifukwa chake Loweruka lililonse ndimatuluka ndi tsache m'chikwama, amayi anu akundikalipira kuti ndidzagwa.

Ana inu manda simuwadziwa. Mumaona ngati ndi paki ina, kungoti ili ndi miyala. Kwathu ku Ntcheu manda unkawazindikira ukadali kutali. M'chilimwe minda yonse inkakhala mbee, mapiri atachita mbuu ndi utsi wa lupsa, koma pakati pake pamakhala kankhalango kobiriwira kamene nkhwangwa inali isanalowemo chiyambire. Masuku ankapsa mmenemo n'kumagwa okha. Fungo lake linkatipeza tikudyetsa mbuzi kutsidya kwa khwawa, malovu n'kudzadza m'kamwa, koma panalibe mwana wolimba mtima wokatola. Ngakhale kuloza ndi chala sitinkaloza. Ukafuna kusonyeza mlendo, unkangotukula mlomo cha kumeneko. Maliro akagwa, anyamata ankayala nthambi zaziwisi pamsewu, wanjinga n'kutsika, wachipewa n'kuvula. Kuno galimoto ya maliro imaima pamaloboti pamodzi ndi njinga ya mnyamata wa pitsa, aliyense ali pa ulendo wake.

Ine ndinali mmisiri wa matabwa. Useke, Yamikani, poti tsopano ndimalephera kumanga kashelefu ka mu bokosi kobwera ndi pepala la zithunzi. Nthawi imeneyo ndinali ndi sowo, hamala ndi kasemasema, ndipo chitseko changa chinkatha zaka osalira. Agogo anu aakazi, aNamaseko, anali namwino pa kachipatala ka mishoni. Anabwera tsiku lina ndi benchi yothyoka mwendo ya odwala, atayisenza okha pamutu, nandiuza kuti akuifuna mawa. Ndinaikonza tsiku lomwelo, koma ndinaisunga sabata yathunthu kuti azibwera kudzafunsa. Anazindikira, ndithu anazindikira, koma ankabwerabe.

Mwana wathu woyamba sanali amayi anu. Eya, tsekani pakamwapo. Amayi anu akudziwa, koma ndi nkhani imene m'nyumba mwathu tinkaizungulira monga mmene umazungulirira chithaphwi. Panali mnyamata, amalume anu. Atayamba kumwa phala ndinakwera njinga mpaka pa boma kukamugulira kapu. Ulendo wake unali wa tsiku lonse, kukwera zitunda ukukankha, kutsika mphepo ikuliza makutu, m'thumba muli mbatata yootcha ya kamba wa panjira. Sitolo ya amwenye inkanunkhira sopo, palafini ndi nsalu zatsopano, fungo limene mpaka lero limandibwerera m'maloto. Ndinasankha kapu yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu. Mwanayo ankaigwira ndi manja onse awiri, akamaliza n'kumaimenyetsa pansi kuti imveke. Timano take tiwiri tinasiya tizipsera pamkomberopo.

Chikuku chinabwera ndi mvula. Chinalowa m'mudzi chimanga chili m'mawondo, ndipo chisanamasule ngaiyaye mwana wathu anali atapita. Agogo anu anapulumutsa ana a anthu ambiri chaka chimenecho, wawo n'kuwachoka m'manja. Chimenechi chinawapweteka moyo wawo wonse.

Tinamuika kumphepete kwa nkhalango ija, patsinde pa msuku waung'ono. Masiku amenewo kunalibe za simenti ndi zilembo. Chizindikiro chinali mtengo, ndi chiwiya cha malemu. Chiwiya chimenecho sichibwereranso m'nyumba, ndipo amachiboola kuti wina asadzachitole n'kukamwera. Amalume anga anandipatsa msomali nati, "Boola wekha, mwana wa mlongo wanga. Unagula ndiwe." Ndinavundikira kapu ija pamwala. Ine amene ndinkakhoma misomali tsiku ndi tsiku, ndinaphonya. Nditamenyanso, utoto woyera unathetheka ngati chigoba cha dzira, mbalame n'kuuluka m'mitengo. Ndinaika kapuyo pamtumbira, tinasamba m'manja pobwerera, basi.

Kenako moyo unapitirira, monga umachitira. Amayi anu anabadwa, anakula, anali ovuta kudya ngati Takondwa yemweyu. Zipatala za kuno zitayamba kufuna anamwino, agogo anu anatsogola, ife n'kutsatira patapita nthawi. Ndinatsika ndege nditavala jekete la suti yanga ya ukwati, ndikuganiza kuti poti ndine wa ku Ntcheu kuzizira ndimakudziwa. Mphepo ya Leicester inandilandira pakhomo pa siteshoni n'kundiuza kuti sindidziwa kanthu. Matabwa ndinawasiya. Ndinayamba ndi fakitale yolongedza masangweji, kenako nyumba yosamalira okalamba, kumene ndinakhalitsa mpaka nanenso ndinayamba kufanana ndi amene ndinkawasamalirawo.

Tsono kuchoka pa nyumba ino kupita pokwerera basi, njira yachidule ndi yodutsa m'manda akale aja. Aliyense amadutsa mmenemo. Ine ayi. Ndinkazungulira khoma lonse, kudutsa pa butchala, kukhota pa tchalitchi chimene anachisandutsa malo ogulitsa makapeti, chipale chofewa chili m'nsapato, basi n'kundisiya ndikuiona. Munthu ungalowe bwanji kumanda popanda maliro? Tsiku lina ndinasuzumira pageti. Ndinaona mayi atakhala pabenchi pakati pa mitumbira akudya sangweji, mwina yolongedza ine ndemwe, galu wake atakweza mwendo pa mwala wa munthu. Ndinafika kunyumba thupi likunyerenyesa. Agogo anu anali akuvala yunifomu, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Inu aPhiri," anatero, "mukachedwanso akuchotsani pa ndandanda wa ntchito. Akufa a kuno anazolowera, sadandaula."

"Anazolowera kapena alibe wowanenera?"

"Kaya. Ine ndili pa shifiti, mukatenthetse ndiwo mu maikulowevu."

Koma nawonso, ndinadziwa pambuyo pake, sankadutsamo.

Zaka zinapita tisanapite kwathu. Mapepala, matikiti, sukulu ya amayi anu, zonse zinkatsogola. Ndinapita ndekha mayi anga atamwalira. Ndinapeza mudzi unasamukira kumsewu wa tala, ndipo manda atsopano ali komweko, a matailosi onyezimira ngati bafa. Titaika maliro, m'mawa mwake ndinatenga khasu ndi tsache kulowera ku mudzi wakale. Ndinawoloka khwawa lija. Ndinayang'ana kumene kunali nkhalango, n'kuganiza kuti ndasokera. Kunali thambo lokhalokha. Mitengo inapita ku mauvuni a njerwa, ndipo pamalopo panali mizere ya mbatata ya kachewere, yobiriwira bwino, maluwa ake oyera akugwedezeka ndi mphepo. Ndinayenda mzere ndi mzere ndikuyang'ana pansi, mwina chitsa cha msuku, mwina kachitsulo ka mkombero wabuluu. Mwini munda anabwera, bambo wa ana ake, waulemu ndithu.

"Madala, mwataya chiyani?"

Ndinamuuza. Anavula chipewa, nayang'ana munda wake ngati akuuona koyamba. "Pepani kwambiri. Ine ndinaupeza uli kale chonchi. Amati manda anali chakumtundaku, koma malo enieni sindingakunamizeni."

Sindinamukwiyire. Ana ake ankafunika kudya. Palibe munthu amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tifafanize mwana wa aPhiri. Kungoti amene ankadziwa msuku uja ena anamwalira, ena anasamuka, ndipo ine ndinali kuno ndikupaka majarini pa buledi. Ndinakhala pamzere mpaka dzuwa linandiwotcha pamutu, khasu lili pamiyendo, ndilibe polimira.

Nditabwerera, agogo anu anandilandira bwino, anafunsa za maliro, za abale, za mvula. Anadikira amayi anu akwere kuchipinda. Anali pa sinki, atandifulatira.

"Mwamuona?"

"Mitengo anadula," ndinatero. "Analima."

Anapitiriza kutsuka mbale imodzi yomweyo, madzi akungotayika. Sanalire pamaso panga. Nyengo yonse yozizira imeneyo ankangopita ku shifiti n'kubwerera.

Kenako kunayamba kufunda. Mukudziwa mmene kumakhalira kuno, mitengo imene umaiyesa youma imangodzuka tsiku limodzi itavala. Loweruka lina anandiuza kuti, "Valani jekete, tiyende." Tinafika pageti pa manda aja, iwo n'kulowa. Ine ndinaima. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, kupempha njira kwa eni ake. Mnyamata wina wothamanga ndi mawaya m'makutu anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Mkatimo, ana inu, munali ngati kwathu. Sindinayembekezere. Phokoso la mabasi linatsalira kunja kwa khoma. Kunali kankhungu kopyapyala kakuyenda pakati pa miyala, timaluwa tabuluu tili ponseponse pansi pa mitengo ngati utsi wogona, njiwa zikulira kulira komwe kuja kwa kumudzi. Miyala ina inali itapendekeka ngati anthu akunong'onezana. Nkhandwe inatiyang'ana, yosathawa, n'kulowa pa ziyangoyango. Ndinamva fungo la masamba owola, ndipo kwa kanthawi ndinayesa kuti ndikatembenuka ndiona mbuzi kutsidya.

Agogo anu ananditsogolera kumunsi, ku ngodya ya khoma kumene minga inali itakuta zonse. Anali atafikako kale okha, chifukwa panali kanjira. Anakankha nthambi ndi phazi. Panali kamwala kakang'ono kofika m'bondo, pamwamba pake atasemapo kamwana ka nkhosa kogona. Zilembo zinali zitadyeka ndi mvula, dzina losawerengeka.

"Ndi mwana uyu," anatero. "Mayi ake anapita kalekale, ndipo palibe amabwera. Wathu uja sindingamusesere. Ndisesa pano."

Anatulutsa m'chikwama tsache la kwathu, lija anabwera nalo m'sutikesi ine ndikuwaseka. Anawerama n'kuyamba kusesa, ndipo ndinamva akutchula dzina chapansipansi. Ine ndinazula minga ndi manja mpaka magazi, osamva kuwawa.

Sabata yotsatira ndinakwera basi kupita ku Spinney Hill. Kuli kasitolo kena kumeneko ka bambo Yusufu, mmwenye wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chake chimaposa chanu nonse atatu mutachiphatikiza. Tsiku loyamba kulowamo, kalekale, ndinkafuna ufa, ndipo ndikuvutika ndi Chingerezi iye anangoti, "Achimwene, mukufuna woyera kapena mgaiwa?" Ndinatsala pang'ono kugwa. Tsono ulendo uno ndinapita kumashelefu a kumbuyo, kumene kumakhala mapoto ndi zopondera adyo, ndipo inali pomwepo. Yoyera, mkombero wabuluu.

"Imodzi yokha?" anafunsa bambo Yusufu. "Alendo azimwera m'manja?"

"Ndi ya mwana," ndinatero. Anandiyang'ana, imvi zangazi, ndipo sanafunsenso. Anaikulunga m'nyuzipepala bwinobwino.

Ndinaiboolera kuseri kuno, pa sitepe imene umakhalapo iwe Yamikani ukamabisala ndi foni. Tinakaiika patsogolo pa kankhosa kaja, yovundikira. Loweruka lotsatira, kapu palibe. Agogo anu anati ndi ana a sukulu. Ndinakagula ina, ndinaboola, tinaika. Inasowanso. Bambo Yusufu anayamba kundisungira pansi pa kauntala, akundiona pakhomo n'kumatulutsa. Ine mtima unali utawira. Wakuba wamtundu wanji woba kapu yobooka?

Tsiku lina ndinapita pakati pa sabata, ndipo ndinamupeza. Mzungu wachikulire, wamtali, wa chipewa choluka, ali ndi thumba lakuda ndi kandodo kotolera zinyalala, kapu yanga ili m'manja. Ndinamuthira Chingerezi chonse chimene ndinali nacho, china cha m'Baibulo, china cha ku fakitale. Dzina lake ndi Derek. Anali m'kagulu ka anthu a m'dera lino ongodzipereka kutola zinyalala m'mandamo, ndipo ankaganiza kuti makapuwo akusiya ndi anyamata omwera mowa kungodyako. Nditamufotokozera, anafiira mpaka makutu. Anandiuza kuti ndidikire. Anapita ku kashedi kawo ka zipangizo, n'kubwera ndi makapu anga onse atawatunga pa chingwe, akulira ngati mabelu a ng'ombe. Anati sanawataye chifukwa zinkamuzunguza mutu, kuti chidakwa chake n'chotani chogula kapu yatsopano n'kuiboola pakati penipeni mwaluso chotere. Tinaseka, ine misozi ili m'maso. Kuyambira tsiku limenelo akamadutsa pa ngodyayo amavula chipewa chake choluka.

Tinasesa pamenepo nyengo zambiri, ine ndi agogo anu. Masamba akamagwa tinkadzadza matumba. Chipale chikagwa ankapukuta kankhosako ndi golovesi kuti nkhope ioneke. Nthawi yotentha tinkakhala pabenchi, inde, benchi yomwe ija, ndipo tsiku lina ndinadzipeza ndikudya sangweji. Iwo anandiyang'ana m'mbali, mapewa akugwedezeka. Atadwala, matenda aja mukuwakumbukira inu akuluakulu, anandiuza ali m'chipatala momwe anagwiramo ntchito kuti, "Ine mukandiika ku manda atsopano, kuli makina otchetcha, sindidzasowa. Koma mwana uja musamusiye." Ndimawasowa, ana inu. Ndikamasesa ndimamva ngati angopita kukataya masamba, abwera.

Tsono ndalama zako zija, Tadala. Derek anandifotokozera mwezi watha, titakhala pabenchipo. Zimaoneka zambiri pafoni, koma khoma lokha likufuna kugwa mbali yonse ya kumsewu, geti linadyeka, ndipo miyala ikuluikulu ija iyenera kuimikidwa isanaphwanye mwana wa munthu. Zikatha zimenezo, zotsala n'zochepa. Ndiye ngodya ya kumunsi a boma anagwirizana kuti timiyala ting'onoting'ono adzatizule, atindandalike m'mbali mwa khoma, pansipo asalaze n'kudzala kapinga, poti kutchetcha pamalo osalala sikudya ndalama. Si nkhanza, akuyesetsa ndi zimene ali nazo. Koma anati manda amene akuoneka kuti pamabwera munthu sadzawakhudza. Adzayendera kumapeto kwa nyengo yotentha ino, masamba asanayambe kugwa, kuona kuti ndi ati.

Ine za mabasi ndi makoma sindingaweruze, mwina ukunena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayendapo kale m'munda wosalala ndikufunafuna mwana, ndipo sindikufuna kuti zindichitikire kawiri.

Vuto ndi bondo ili. Mwawamva amayi anu m'mawa: "Adadi, opaleshoni yabukidwa Lachiwiri, ndipo mukatuluka simukuyenda kupita kulikonse, ndikubisirani nsapato." Amayi anu akanena amachita, anatengera kuchikazi. Adokotala akuti miyezi ingapo ndisanayende pa malo okumbikakumbika. Minga ija simaidziwa inu. Nthawi yotentha imakula ukuiyang'ana. Ikangosiyidwa mwezi umodzi, kankhosa kamamira, kapu osaoneka, ndipo oyenderawo adzangodutsa n'kulemba kuti palibe mwini. Derek nayenso msana unamugwira, thumba lake lakuda anapatsira ena amene sandidziwa.

Ndiye tsache lili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, m'chikwama chobiriwira, pamodzi ndi magolovesi ndi chodulira minga. Sitima ya ku Loughborough sichedwa, Tadala, Loweruka umabwera kale kudzachapitsa zovala kwa amayi ako. Yamikani, manja akowo agwireko china chosakhala galasi la foni. Mukafika pageti musangolowa ngati mukulowa m'sitolo. Kuwomba m'manja sindikukakamizani, ndikudziwa muchita manyazi, koma imani pang'ono. Tsatirani khoma kumanzere mpaka kumunsi. Kapu mukaipeza yagwa, muivundikirenso, chibowo chiyang'ane kumwamba. Posesa muziyambira kumutu.

Ndipo pali chinthu china. Agogo anu posesa ankatchula dzina. Ine ndakhala ndikusesa chete, chifukwa chichokereni tsiku la msomali lija pakamwa panga pamakana. Koma ndikalowa m'chipatala Lachiwiri dzinali lili mwa ine ndekha ndi amayi anu, ndiye kuti nalonso lamera minga.

Dalitso. Amalume anu anali Dalitso.

Tatchula, Takondwa. Usathamange, palibe akukuthamangitsa. Tatchulanso.

Eya. Ukakafika pa kankhosa paja, ukanene choncho.